Chenjezo: mbaula m'nyumba ya siwa ndi pa mapemphero a usiku wonse

Kukayamba kuzizira mu Juni ndi Julayi, makamaka ku Dedza, Ntcheu, Mzuzu ndi kumapiri a Thyolo ndi Mulanje kumene kumagwa chiperoni, anthu amalowetsa mbaula m'nyumba. Uthengawu ukupita kwa inu mafumu, akuluampingo, adzukulu, ndi inu amayi amene mumagona m'siwa.

Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide. Ulibe fungo, suoneka, sutsokomoletsa. Ukalowa m'mapapo umamatirira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200, ndiye ubongo ndi mtima zimayamba kusowa mpweya munthu ali chikhalire. Ambiri amati makala akafiira utsi watha, palibenso choopsa. Si zoona. Makala ofiira bwino, osafuka n'komwe, amatulutsabe mpweyawu mpaka atazima.

M'siwa amayi amapanikizana pa mphasa, mazenera otseka, pansi pa chitseko atatsekapo ndi nsanza kuti mphepo isalowe, mbaula ili pakona. Nyimbo zikupitirira. Pofika 2 koloko usiku wina akuti mutu ukumuwawa, wina akumva mseru ndi chizungulire, wina wangotsamira khoma n'kugona.

Apa ndiye pamandidetsa nkhawa. Namfedwa akakomoka timati ndi chisoni. Ku mapemphero wina akagwa timati wagwidwa ndi mzimu, n'kumuzungulira kumupempherera chitseko chili chitsekere. Ena amati musiyeni agone, watopa. Tulo timeneto munthu atha osadzukanso. Anthu awiri kapena atatu akayamba kudandaula mutu nthawi imodzi m'chipinda momwe muli mbaula, musafunefune chifukwa china.

Tsegulani zitseko ndi mazenera, aliyense atuluke, mbaula itulutsidwe. Wokomoka mumugoneke chammbali panja, ndipo musamumwetse madzi, mkaka kapena mankhwala alionse, angatsamwe. Pitani naye kuchipatala usiku womwewo, osadikira kuche kapena mwambo wa maliro uthe. Mukafika nenani kuti anali m'chipinda cha mbaula kuti amupatse okosijeni msanga. Mayi woyembekezera apite ndithu ngakhale atatsitsimuka n'kumati ali bwino, chifukwa mpweyawu umavulaza mwana wa m'mimba kuposa mayi ake. Kupemphera sitikuletsa, pempherani muli m'njira.

Utsi wooneka nawo si wabwino. Bungwe la World Health Organization linati utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni m'chaka cha 2020 padziko lonse. Lubani amene amafukizidwa m'tchalitchi ndi mu mzikiti amatha kuutsa mphumu, choncho mazenera azikhala otsegula, ndipo amphumu, makanda ndi okalamba azikhala chapafupi ndi khomo. Abambo amene mumachezera pamoto panja, musasonkhezere ndi matayala kapena majumbo, utsi wake umapsereza m'chifuwa.

Komabe utsi umenewo mumauona ndipo mumauthawa. Mbaula ya m'siwa ndi imene anthu amaikhulupirira. Amfumu, polengeza uthenga wa maliro muzinenanso kuti obwera kudzagona atenge zofunda zokwanira, ndipo moto uothedwe panja. Mbaula isalowe m'chipinda momwe anthu agonemo, ngakhale makala atafiira chotani.