Jacob Grimm ndi nkhondo ya zilembo zazikulu

Mukatsegula buku la Chijeremani, zilembo zazikulu zimangoti mbwee, ngakhale pakati pa chiganizo. Kumeneko dzina la chinthu chilichonse, kaya galu, khasu kapena chikondi, limayamba ndi chilembo chachikulu. Amene analimbana nacho kwambiri chizolowezichi ndi Jacob Grimm, yemwe uja anatolera nthano pamodzi ndi mng'ono wake Wilhelm.

Nthanozo zinaphimba ntchito imene inkamudyetsa, yomwe inali ya mulaibulale. Grimm, wobadwa mu 1785 ku Hanau m'dziko la Germany, anayamba kusunga mabuku a mfumu Jérôme Bonaparte ku Kassel mu 1808, ndipo mu 1816 anakhala wachiwiri kwa mkulu wa laibulale yamumzindawo. Mkuluyo atamwalira mu 1829, mpando anapatsa wina. Abale awiriwo zinawawawa, n'kusamukira ku Göttingen.

Maganizo ake pa kalembedwe anawatola m'mashelefumo. Akafunyulula zolemba zapamanja zamakedzana, zija za pazikopa, ankapeza mayina a zinthu ali ndi zilembo zazing'ono. Chilembo chachikulu chinafala makina osindikizira atabwera, poyamba pa mayina aulemu monga la Mulungu, kenako pa dzina lililonse. Kwa iye chimenechi chinali chizolowezi chachabechabe. Potulutsanso buku lake la galamala mu 1822 anachitaya, n'kungochisiya poyambira chiganizo ndi pa mayina a anthu ndi malo. Anasiyanso zilembo zokhotakhota za Fraktur n'kutenga za Chilatini, zomwe tikuwerengazi. Dikishonale yaikulu ya Chijeremani ya abale awiriwo, imene voliyumu yake yoyamba inatuluka mu 1854, inalembedwa momwemo. Jacob anamwalira mu 1863 ali pa chilembo F, ndipo ena anadzaimaliza mu 1961.

Ife okonza zolembedwa timaona pamene mfundo yake inafookera. Kunena kuti makolo sankalemba choncho sikukhutiritsa munthu amene diso lake linazolowera kale, pakuti kwa iye chilembo chachikulucho chimamuonetsa msanga pamene pali dzina m'chiganizo chachitali, ndipo ziganizo za Chijeremani n'zotalikadi. Msonkhano wa za kalembedwe ka Chijeremani wa ku Berlin wa 1901 unasunga zilembo zazikuluzo, kusintha kwa 1996 nakonso sikunazichotse. Amene anachita zomwe Grimm ankafuna ndi anansi awo a ku Denmark, mu 1948.