Fungo la chuku m'kalavani silichoka ndi kutsegula mazenera

Ambiri kuno ku Harare amati kalavani, kanyumba kokokedwa ndi galimoto, ikamanunkha chuku ndiye kuti yangokhalitsa chitsekere, mphepo ikalowa zitha. Ayi ndithu. Fungolo likuchokera ku matabwa onyowa amene maso sakuwaona.

Dzuwa la kuno, pamalo okwera mamita pafupifupi 1,500 kuchokera pa nyanja yamchere, limaumitsa ndi kung'amba guluu wotseka mipata padenga ndi m'mphepete mwa mazenera. Mvula ya Novembala mpaka Malichi imalowa m'ming'alumo n'kutsetserekera mkati mwa khoma, nthawi zina kutali ndi pamene yalowera. Mmenemo ngakhale kutentha kwa Okutobala sikuumitsa msanga.

Dindani ndi chala m'makona, kunsi kwa matiresi ndi pansi pa sinki. Pamene pafewa ngati buledi, madzi ali pomwepo. Zopopera zonunkhiritsa zija n'kungotaya ndalama, chuku chikupitirizabe kudya thabwa.