Makirediti, transcript ndi dipuloma ku Texas: mayankho ochokera ku ofesi ya kaundula

Chitumizireni makalata osonyeza makirediti a ana a giredi 11 ndi 12, pawindo pathu sipakutha anthu. Ena akubwera ndi kalatayo atailemba mizere yofiira, ena akuimba foni kufunsa chinthu chimodzimodzi kangapo pa tsiku. Makolo angapo olankhula Chichewa atipempha kuti tilembe mayankho m'chinenero chawo, ndiye nawa. Zonse zili pano ndi za sukulu zaboma za ku Texas. Mlamu wanu wa ku Florida akakuuzani kuti kumafunika makirediti 24 sakunama ayi, koma limenelo ndi lamulo la kwawoko.

High school ndi zaka zingati?

Zinayi, giredi 9 mpaka 12. Mayina ake ndi freshman, sophomore, junior ndi senior.

Nanga kirediti n'chiyani?

Mwana akaphunzira phunziro limodzi chaka chonse n'kukhoza, amapata kirediti imodzi. Semesita imodzi ndi theka la kirediti. Muyezowu ndi wakale, udachokera ku bungwe la Carnegie mu 1906, ndipo unkaimira maola 120 a m'kalasi. Kuno ku Texas kukhoza ndi malikisi 70. Malikisi 69 si kukhoza, ngakhale aphonyane ndi limodzi lokha.

Ena akuti makirediti ndi 22, ena 26. Zoona ndi ziti?

Zonse n'zoona, ndipo chisokonezo chambiri chikuchokera pamenepa. Dongosolo lotchedwa Foundation High School Program, lomwe lidayamba ndi ana olowa giredi 9 m'chaka cha 2014–15, limafuna makirediti 22: Chingerezi 4, masamu 3, sayansi 3, social studies 3, chinenero china 2, masewera olimbitsa thupi 1, zaluso 1, ndi 5 osankha yekha mwana. Pamwamba pake pali endorsement, gawo lomwe mwana amasankha polowa giredi 9 mwa magawo asanu: STEM (sayansi, tekinoloje, uinjiniya ndi masamu), Business and Industry, Public Services, Arts and Humanities, kapena Multidisciplinary Studies. Endorsement imafikitsa makirediti pa 26, chifukwa amawonjezera masamu achinayi, sayansi yachinayi ndi maphunziro ena awiri.

Mwana sangangodzuka n'kunena kuti ine za 26 ndazisiya. Zimatheka akamaliza giredi 10, mlangizi atakhala pansi ndi inu makolo kukufotokozerani zomwe mwanayo ataye, inu n'kusaina. Ife sitilimbikitsa zimenezi, ndipo chifukwa chake muchiona pa funso la mayunivesite. Dziwaninso kuti distiriki, bungwe loyendetsa sukulu zaboma za dera lanu, ili ndi ufulu wowonjezera zofunika zake pamwamba pa za boma.

Mwana wathu ali m'chaka chachitatu koma kalata ikuti ndi sophomore. Mwalakwitsa?

Kawirikawiri ayi. Giredi imatsata makirediti omwe mwana wasonkhanitsa, osati zaka zomwe wakhala akubwera kusukulu. Malire ake amaika ndi distiriki, ndipo alembedwa m'buku la malamulo lomwe mwana aliyense adalandira. Akabweza zomwe adalephera, kaya pa sukulu ya m'chilimwe kaya pa credit recovery (dongosolo lobwezera makirediti otayika), giredi imakonzedwa.

Tidabwera ndi malipoti a sekondale ya kunja kwa America. Bwanji simudawerengere maphunziro onse?

Funso ili ndi lomwe labweretsa mkwiyo wambiri, ndipo tikumvetsa. Lamulo limatilamula kuunika mapepala a mwana wochokera kunja kwa Texas kapena kunja kwa dziko, ndipo limatilola kugwiritsa ntchito njira zosiyanasiyana potsimikiza zomwe adaphunzira. Silinena kuti chilichonse cholembedwa pa lipoti chisanduke kirediti.

Vuto lagona pa mapepalawo. Sabata yathayi bambo ena adatiyalira pa kauntala malipoti asanu ndi limodzi ochokera mu envelopu ya pulasitiki, onse osamalika bwino, chidindo cha sukulu chili pomwepo. Pa mzere wina padalembedwa kuti Mathematics, 64, basi. Ife timayenera kudziwa ngati masamuwo anali Algebra I kapena Geometry kapena zosakaniza, ankaphunzira maola angati pa sabata, komanso ngati 64 pa sukulu imeneyo ndi kukhoza. Kwathu kuno 64 ndi kulephera, pomwe kumene mwanayo adachokera angakhale malikisi abwino ndithu. Popanda pepala la sukuluyo lofotokoza kagawidwe ka malikisi, woweruza amakhala m'chimbulimbuli, ndipo mwana ndi amene amapwetekeka.

Choncho bweretsani transcript (pepala la sukulu losonyeza maphunziro ndi malikisi a mwana) ya chaka ndi chaka yosainidwa ndi mphunzitsi wamkulu, mndandanda wosonyeza tanthauzo la malikisi, ndipo ngati n'kotheka silabasi kapena mitu ya zomwe adaphunzira. Satifiketi ya mayeso a boma la kwanu imathandiza, koma payokha sisonyeza zomwe mwana adachita chaka chilichonse. Mapepala akasowa, njira ina ndi credit by exam, kulemba mayeso kuti apeze kirediti: mwana amene adaphunzirapo phunzirolo amafunika malikisi 70, amene sadaliphunzirepo m'kalasi amafunika 80.

Pali maphunziro ena, monga US History ndi US Government, omwe mwana wochokera kunja kawirikawiri sakhala nawo. Amenewa ayenera kuwapezera kuno. Tivomerenso kuti ana awiri ochokera sukulu imodzi akhoza kulandira makirediti osiyana ngati alowa madistiriki osiyana. Sitikunena kuti zimenezi n'zabwino. Tikungonena kuti lamulo lidasiya chiweruzochi m'manja mwa distiriki iliyonse, ndipo ife sitingayankhire za anzathu. Ngati simukukhutira, pemphani kudzera m'kalata kuti tiunikenso, ndipo muphatikizepo umboni watsopano. Kubwera ndi mapepala omwe aja kachiwiri sikusintha kanthu.

Za msinkhu musade nkhawa msanga. Sukulu yaboma ndi yaulere kwa amene sanakwane zaka 21 pa 1 Sepitembala, choncho mwana wofika ali ndi zaka 17 n'kuikidwa giredi 10 nthawi ikadalipo.

Mwana amalankhula Chichewa bwinobwino. Sichingalowe m'malo mwa makirediti awiri a chinenero china?

Mwina. Lamulo limafuna makirediti awiri a chinenero chimodzi chosakhala Chingerezi, ndipo silinena kuti chikhale Chisipanishi kapena Chifalansa. Koma kirediti sitipereka chifukwa choti kunyumba mumalankhula chinenerocho. Pamafunika transcript yosonyeza kuti adachiphunzira m'kalasi ngati phunziro, kapena mayeso omwe distiriki idavomereza. Kaonaneni ndi mlangizi mwana akadali giredi 9 kapena 10, osadikira chaka chomaliza. Maphunziro ena olemba mapulogalamu a kompyuta amaloledwanso kulowa m'malo mwa chinenero.

Wakhoza ndi 85 koma kirediti palibe. Zatheka bwanji?

Kujomba. Mwana ayenera kupezeka m'kalasi masiku 90 pa 100 alionse omwe phunzirolo laphunzitsidwa, ndipo lamuloli limawerenga ngakhale masiku omwe mudalemba kalata yopepesa. Amene ali pakati pa 75 ndi 90 akhoza kupulumutsa kirediti potsata dongosolo lomwe mphunzitsi wamkulu wavomereza. Kutsika apo nkhani imapita ku komiti yoona za kujomba. Mabanja amene mumapita kumaliro kapena kukaona abale kutsidya la nyanja kwa milungu itatu sukulu ili mkati, tiuzeni musananyamuke. Sitikulonjeza kuti masikuwo akhululukidwa, koma komiti imamva bwino nkhani yomwe idadziwika kale kusiyana ndi yongotulukira mu Meyi.

Makirediti akwana koma walephera mayeso a boma la Texas otchedwa STAAR. Alandira dipuloma?

Osati nthawi yomweyo. Kuyambira 2013 mayeso omaliza phunziro akhala asanu: Algebra I, English I, English II, Biology ndi US History. Nyumba ya malamulo imakonda kuwasintha, ndiye funsani za chaka cha mwana wanu. Wolephera amaloledwa kulembanso. Ngati wakanika mayeso osapitirira awiri, pali komiti yotchedwa Individual Graduation Committee, yomwe idakhazikitsidwa mu 2015, ndipo inu makolo mumakhalamo. Komitiyi ikhoza kuvomereza kuti mwana amalize atachita ntchito yapadera kapena kusonkhanitsa umboni wa luso lake. Tanena kuti ikhoza, sitinanene kuti idzatero.

Chenjerani ndi mwinjiro. Distiriki ikhoza kulola mwana wotere kuvala gauni ndi kuyenda nawo pa mwambo, n'kumupatsa certificate of coursework completion. Pepala limenelo si dipuloma. Tidaonapo banja likuchita phwando, zithunzi zili pa Facebook, kenako koleji n'kubweza fomu. Tsegulani chikutocho muwerenge zomwe zalembedwa.

GPA (avereji ya magiredi) ndi class rank (nambala ya mwana m'kalasi) zimawerengedwa bwanji, ndipo bwanji mwana wa ma A okhaokha ali pambuyo pa mnzake wa ma B?

Pa muyezo wodziwika, A ndi 4, B ndi 3, C ndi 2. Koma madistiriki ambiri amapereka mapointi owonjezera pa makalasi olimba ofanana ndi a ku koleji monga AP, IB ndi dual credit, choncho B wa AP Chemistry akhoza kulemera mofanana kapena kuposa A wa kalasi wamba. Palibe njira imodzi ya Texas yonse. Maphunziro olowa m'chiwerengero, komanso ngati malikisi ochokera kunja akulowamo, zonse amagamula ndi distiriki. Woyamba m'kalasi ndiye valedictorian, wachiwiri salutatorian, ndipo madistiriki ambiri amafuna kuti mwana akhale atakhala pa sukuluyo nthawi yakutiyakuti asanapikisane nawo pa maudindowa.

Chomwe anthu amalimbirana kwenikweni ndi lamulo la 1997 lopatsa malo m'mayunivesite aboma a ku Texas ana omwe ali m'gulu la 10 pa 100 apamwamba m'kalasi mwawo. University of Texas ku Austin imadula mzere pamwamba kuposa apo. Kuti mwana apindule ndi lamuloli, njira yaikulu ndi Distinguished Level of Achievement, kutanthauza makirediti 26, endorsement, ndi Algebra II. Mwana wosiya Algebra II poopa kutsitsa GPA akhoza kukhala wachisanu m'kalasi koma mwayiwo n'kumudutsa. Safunsa adadya phula.

Kubwereza phunziro sikutanthauza kuti malikisi oyamba afufutika pa transcript.

Kodi ofesi imawadziwitsa makolo zinthu zisanaipe?

Inde. Malipoti amatuluka nyengo iliyonse, malikisi ali pa intaneti usana ndi usiku, ndipo makalata timatumiza ku keyala yomwe mudatipatsa. Mukasamuka kapena kusintha nambala ya foni, tiuzeni.

Mphunzitsi adamupatsa 69. Simungamukwezere limodzi lokha?

Ife a kaundula timalemba zomwe tapatsidwa. Lamulo la Texas limati malikisi a mphunzitsi ndi omaliza pokhapokha atapezeka kuti adaperekedwa mosatsata chilungamo, molakwitsa, kapena mosemphana ndi malamulo a distiriki. Yambani mwakumana ndi mphunzitsiyo. Mwana wa masewera akatsika pansi pa 70 pa nyengo ya malipoti amaimitsidwa kupikisana kwa milungu itatu ya sukulu, potsata lamulo la no pass, no play la 1984, ndipo kochi sangachitepo kanthu.

Mwakana kutipatsa transcript chifukwa cha ngongole ya laputopu. Lamulo limalola zimenezo?

Tiyankhe mosamala. Lamulo la Texas limati buku kapena chipangizo cha sukulu chikapanda kubwezedwa chili bwino, kapena kulipiridwa, distiriki ikhoza kugwira mapepala a mwanayo. Lamulo lomwelo limaletsa kumulepheretsa kumaliza sukulu, kuyenda nawo pa mwambo, kapena kulandira dipuloma chifukwa cha ngongoleyo. Choncho amene adakuuzani kuti dipuloma yagwidwa chifukwa cha chaja yotayika adalankhula mopyola, ndipo ngati mawuwo adachokera pawindo pathu, pepani.

Chinanso, lamulo la dziko lonse lotchedwa FERPA, la 1974, limakupatsani ufulu woona mapepala a mwana wanu pasanathe masiku 45 mutapempha, ngongole ilipo kapena palibe. Kuona n'kosiyana ndi kulandira transcript yodindidwa yotumiza ku koleji, ndipo mkangano umakhala pamenepo. Mabanja opeza movutikira akhoza kupempha kuti ndalamazo zichepetsedwe kapena zikhululukidwe, koma sizichitika zokha, muyenera kupempha. Sitinganeneretu yankho la banja lililonse muno. Chomwe tikupempha n'chakuti musadikire sabata yomwe koleji ikutseka kulandira mafomu.

Transcript yodindidwa imachoka kwa ife kupita ku koleji mwachindunji, pa intaneti kapena mu envelopu yomata. Mukaitsegula kuti muone, makoleji ambiri saiyesanso yovomerezeka. Ngati mukufuna kungowerenga, pemphani kope lina.

Mwana wakwanitsa zaka 18 ndipo mukuti asaine yekha. Ife si makolo ake?

Ndinu makolo ake, koma pa zaka 18 ufulu wa FERPA umasamukira kwa iye. Sukulu ikhoza kukuonetsanibe mapepala ngati mumamulemba pa fomu yanu ya msonkho ngati wodalira inu. Chapafupi n'chakuti asaine chilolezo.

Sakupita ku koleji. FAFSA akulemberanji?

Kuyambira chaka cha 2021–22, senior aliyense ayenera kulemba FAFSA kapena TASFA (mafomu opempha thandizo la ndalama zolipirira ku koleji), apo ayi abweretse fomu yokana yosainidwa. Palibe amene akukakamizani kuulula za chuma chanu kapena za mapepala anu okhalira m'dziko muno. Fomu yokanayo ndi tsamba lalifupi, ili pawindo, ndipo chimodzi mwa zitatuzi chiyenera kukhala m'faelo ya mwana tisanalembe dzina lake pa mndandanda wa omaliza.