Geji ya ndege yankhondo ikasiya kuwala, poizoni wake amakhala alipobe

"Mukutiletsa kugwira bwanji chinthu choti chinapirira zipolopolo?" Funso limeneli limamveka pafupifupi paliponse pamene alendo aloledwa kukwera m'ndege zoponya mabomba za Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse, ndipo latikwana. Ndege si thanki. Lancaster, ndege yoponya mabomba ya ku Britain imene anapanga zokwana 7,377, inakutidwa ndi aluminiyamu wopyapyala, m'malo ambiri wosafika n'komwe mamilimita awiri. Mphamvu yake ili m'nthiti ndi m'mitanda ya m'kati. Mukatsamiritsa bondo pakati pa nthiti ziwiri, chitsulocho chimapindika ndipo sichibwereranso. Thukuta la m'manja nalo lili ndi mchere, ndipo mchere ukakhalitsa pa aluminiyamu pamatuluka timadontho toyera ngati ufa, umene ndi dzimbiri la chitsulo chimenechi.

Tengani Lancaster NX611, yotchedwa Just Jane, ya ku East Kirkby m'chigawo cha Lincolnshire ku England, kumene alendo amalipira n'kukhala m'kati injini zake zinayi za Merlin zikulira, ndege ikuyenda pansi. Mumalowera khomo la kumanja pafupi ndi mchira, n'kumayenda chokwera mutawerama. Pakati mumapeza mtanda waukulu umene umanyamula mapiko, wopingasa njira yonse, woti muukwere n'kutsikira mbali inayo. Apa ndi pamene zinthu zimawonongeka. Munthu akamadzandira amagwira chilichonse chapafupi: waya, paipi, chingwe chowongolera mchira. Siyani chikwama panja, valani nsapato zafulati, ndipo dzanja liikeni pokhapo pamene wokuyendetsani waika lake.

Komatu chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si chitsulo. Ndi mageji a kutsogolo kwa woyendetsa, timawotchi tija tosonyeza liwiro, mafuta ndi kutalika kwa ndege. Manambala ndi mivi ya ambiri a iwo anaipaka penti wosakaniza radium ndi zinc sulphide kuti iziwala usiku: radium amatulutsa radiyeshoni, mphamvu yosaoneka yowononga thupi, imene imawalitsa ufa wa zinc sulphide. Lero pentiyo sawalanso, wangosanduka wachikasu kapena wofiirira, ndiye anthu amati watha mphamvu. Ayi ndithu! Chimene chinafa ndi zinc sulphide, amene anawonongedwa ndi radiyeshoni yomweyo. Radium-226, mtundu wa radium wa m'pentiyu, amatenga zaka 1,600 kuti mphamvu yake itsike ndi theka lokha. Zaka 80 zimene zapitazi ndi dzulodzuloli kwa iye.

Galasi la geji likakhala lathunthu, kukhala pafupi nayo kwa mphindi zochepa si nkhani yoti musowe nayo tulo. Vuto limabwera galasi likang'aluka. Penti wokalambayo amafumbutuka, fumbi lake n'kumamatira ku chala, chala n'kupita kukamwa. Thupi limamutenga radium ngati kashiamu n'kukamusunga m'mafupa, mmene amawononga pang'onopang'ono mpaka kuyambitsa khansa. Ndi zimene zinapha atsikana opaka manambala a mawotchi ku Orange, New Jersey, m'zaka za m'ma 1920, amene ankasongola burashi ndi milomo. N'chifukwa chake osamalira ndegezi amapima mageji ndi Geiger counter, kachipangizo kopimira radiyeshoni, ena n'kuwachotsa, ndipo amakuletsani kudya kapena kumwa m'katimo. Mukatuluka sambani m'manja ndi sopo, ana muwasambitse inuyo.

Amene akuona ngati tikukokomeza aganizire za Dalgety Bay ku Fife, ku Scotland. Nkhondo itatha, ndege zinaphwasulidwa pabwalo la ndege la Donibristle lapafupi pomwepo, zotsalira zake kuphatikizapo mageji zinatenthedwa, phulusa n'kutayidwa m'mbali mwa nyanja. Moto supha radium. Tizidutswa take tinapezeka pagombepo mu 1990, gawo lina la gombe linatsekedwa, ndipo ntchito yoyeretsa inatha mu 2023. Zaka 33, pamalo pamene ana ankasewera ndi mchenga!

Ndiye pali ogulitsa a pa intaneti. Munthu wachoka kokaona ndege mtima uli m'mwamba, wapeza kampasi kapena geji yeniyeni ya 1943 ikugulitsidwa, waigula n'kuiika pashelefu kuchipinda chogona. Wogulitsayo alemba kuti "siwalanso, ilibe vuto," pamene sanaipimepo n'kamodzi komwe. Oipitsitsa ndi akatswiri odzipatsa okha udindo amene amaphunzitsa anthu kumasula galasi, kupala penti wakale ndi kampeni, n'kuuzira fumbi ndi pakamwa kuti apake watsopano. Kutero n'kumwaza radium pathebulo lodyerapo. Ngakhale geji yosatsegulidwa imatulutsa mpweya wa radon, wokhala ndi radiyeshoni nawonso, umene umadzadzana m'kabati yotseka.

Ngati muli nayo kale kunyumba, musaitsegule, musaipukute ndi burashi kapena makina oyamwa fumbi, ndipo musaitenthe kapena kuitaya kudzala. Valani magolovesi, iikeni m'mapepala apulasitiki awiri omata bwino, muisunge malo opita mphepo kutali ndi kogona ndi kophikira. Kenako funsani bungwe loona za radiyeshoni m'dziko limene mukukhala kuti aipime. Ngati galasi lake ndi losweka kale, imbani lero lomwe, ndipo pamene inali pasakhudzidwe mpaka atapima.