Kukumbatira mlambe osaugwira: qigong ya masana otentha

Anthu akabwera ku fiziyo ndikawauza kuti azilimbitsa thupi yankho limakhala lomwelo, "adokotala, dzuwa lakunoli ndithamange?" Sindiwatsutsa ayi. Okutobala ndi Novembala kuno ku Nchalo, Ngabu mpaka ku Nsanje madigiri amadutsa 40, ukangodya nsima ya masana thupi lonse lefu. Ndiye ndimawaphunzitsa qigong, yomwe umapanga utangoima pamthunzi basi.

Ndi za ku China izi, amatchula ngati "chigong", osati chigongono, ena amaseka. Qi ndi mpweya kapena mphamvu ya m'thupi, gong ndi luso lobwera chifukwa chochita kawirikawiri. Zoti qi amayenda m'thupi ndimawasiyira eni ake, ine chomwe ndimaona nchoti munthu akamapuma pang'onopang'ono, makamaka akamatulutsa mpweya mosathamanga, mtima umatsika liwiro ndipo mapewa aja anakwera mpaka m'makutu amatsika okha.

Yomwe ndimaikonda amaitcha zhan zhuang, kuima ngati mzati. Tanyulani miyendo mofanana ndi mapewa, mawondo apindike pang'ono, pang'ono zedi osati kunjuta. Kwezani manja kutsogolo kwa chifuwa ngati mwakumbatira mlambe waung'ono, zala zisagundane, zigongono zigwe. Pumirani m'mphuno, mpweya uzifika kunsi kwa mchombo, mimba izitukuka osati chifuwa. Miniti imodzi yokha ntchafu ziyamba kunjenjemera ndipo mapewa awotcha, apa ndi pomwe ambiri amagwetsa manja nkumati zachibwana izi zikupweteka bwanji, koma ndi minofu chabe yomwe inazolowera mpando kapena chishalo cha kabaza. Tsitsani manja afike pamimba mupitirize. Mawa muwonjezera.

Ina ndi yoyamba pa zisanu ndi zitatu za mtundu wina wa qigong wotchedwa Baduanjin. Lukanitsani zala pamimba, kwezani manja mukukoka mpweya, pofika pankhope tembenuzani zikhatho ziyang'ane kumwamba ngati mukukankha denga, kenako muwatsitsire m'mbali mukutulutsa mpweya. Kasanu ndi kamodzi. Amayi otwala ndowa ndi inu a pa kompyuta, msana ukuthokozani.

Tulo tikakugwirani cha m'ma 2 koloko, ingopotolani chiuno uku ndi uku manja ali lendee azikumenyani okha m'mbali.

Koma tamverani apa. Kuima duu kukutentha kumapangitsa magazi kutsalira m'miyendo, nchifukwa chake ana amakomoka pa asembule. Ndiye mawondo musawaumitse, imwani madzi kaye, muime pamthunzi pafupi ndi khoma kapena mtengo, ndipo mukamva chizungulire kapena mdima m'maso khalani pansi pompo. A BP ndi shuga mankhwala musasiye, qigong simapiritsi. Mukangotha kudya dikirani kaye nsima itsike.