Excel si mlonda wa maseva

Anthu ambiri a ntchito za makompyuta amaganizabe kuti ukalemba maseva onse (makompyuta amene amasunga ndi kupereka zinthu kwa makompyuta ena pa netiweki) mu Excel, ndiye kuti ukuwayang'anira. Ayi ndithu. Pa bajeti kapena kaundula wa zida zogulidwa, Excel ilibe vuto. Koma imangosunga zimene munthu walemba, n'kukhala duu mpaka wina aitsegule. Disiki ikadzaza 2 koloko usiku, kabokosi kolembedwa kuti "zili bwino" kamakhalabe kobiriwira mpaka kutacha.

Ndiye palinso kuchuluka kwa manambala. Tsamba limodzi la Excel limathera pa mizere 1,048,576. Tiyerekeze muli ndi maseva 200, ndipo mukuyeza kutentha kokha pa seva iliyonse masekondi 15 aliwonse. Pa tsiku imeneyo ndi mizere 1,152,000. Tsamba ladzaza tsiku lisanathe, za memory ndi netiweki musanaziyambe n'komwe.

Mapulogalamu monga Zabbix kapena Prometheus, yomwe inayambira ku kampani ya SoundCloud mu 2012, amatenga okha manambala pa seva iliyonse n'kuwasunga pamodzi ndi nthawi yake. Chinthu chikangodutsa malire amene munaika, uthenga umalira pafoni ya amene ali pa ntchito usikuwo, makasitomala asanayambe kuimba.