Zithunzi zosindikiza za Ainuit si luso lamakedzana

Ambiri amaganiza kuti zithunzi zosindikiza za Ainuit, mtundu wa anthu okhala kumadera ozizira kwambiri a kumpoto kwa dziko lapansi, n'zamakedzana, zongoonetsa alenje ndi zimbalangondo. Ayi ndithu. Lusoli linayamba mu 1957 ku Kinngait, kumpoto kwa Canada, mmisiri wojambula wa ku Canada dzina lake James Houston atayamba kugwira ntchito ndi amisiri akumeneko. Iye anakaphunziranso kusindikiza ku Japan. Mmisiri amasema chithunzi pamwala wosalala, n'kupakapo inki, kenako n'kudinda papepala.

Mbadwo watsopano ndiye umajambula zimene ukuona pakhomo, ndipo apa ndi pamene lusoli limandigwira mtima. Annie Pootoogook, amene anapata mphoto ya zaluso ya ku Canada yotchedwa Sobey mu 2006, ankajambula anthu akuonera TV, akugula m'sitolo, ngakhalenso nkhanza za m'banja, osabisa kanthu. Msuweni wake Shuvinai Ashoona amasakaniza moyo wa m'tauni ya Kinngait ndi zilombo za m'maloto.